HTLV-1, msuweni wa HIV amene sitimuyeza pa sikelo

Mu 1984, akatswiri a ku America atalengeza kuti apeza kachilombo koyambitsa Edzi, sanakatchule HIV ayi. Dzina limeneli linabwera mu 1986. Iwo anakatcha HTLV-III, ndiye kuti kachitatu pa banja lake. Pambuyo pake kunaoneka kuti ubale wake ndi tiwiri toyambato ndi wa chisuweni chabe, dzina n'kusinthidwa. Koma munthu wachidwi angafunse kuti, nanga koyambako kanapita kuti? Sikanapite kulikonse. Kalipo, kakupatsiranidwa lero lino kudzera mu mkaka wa m'mawere, m'magazi ndi pogonana, ndipo kakalowa m'thupi sikatulukamo mpaka munthu kumwalira. Katemera wake palibe. Mankhwala okachotsa palibenso. Dzina lake ndi HTLV-1.

Kanadziwika HIV isanadziwike. Mu 1977, dokotala wa ku Kyoto m'dziko la Japan, Kiyoshi Takatsuki, ndi anzake analemba za khansa ya m'magazi yachilendo imene inkagwira anthu akuluakulu n'kuwatenga msanga. Chimene chinawadabwitsa n'chakuti ambiri mwa odwalawo, ngakhale ankakhala m'mizinda yosiyanasiyana, kwawo kunali kumodzi: kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo, makamaka pa chilumba cha Kyushu. Khansa yotsata kumudzi kwa munthu inapereka chikaiko chakuti pali china chimene anthuwo ankachitenga ali ana. Mu 1980 gulu la Robert Gallo ku America linalengeza za kachilombo kameneka, ndipo ku Japan gulu la Yorio Hinuma linakapeza mwa odwala khansa ija mu 1981. Mu 1985, pa chilumba cha Martinique ku Caribbean, Antoine Gessain ndi anzake anaona kuti anthu ambiri amene miyendo yawo inkauma pang'onopang'ono popanda chifukwa chodziwika anali ndi kachilombo komweka. Chaka chotsatira Mitsuhiro Osame anapeza zomwezo ku Kagoshima, pa chilumba cha Kyushu chija. Pofika 1986, dziko linali likudziwa kale kachilomboka, matenda ake awiri aakulu, ndi njira zimene kamadutsa. Koma nthawi imeneyo n'kuti Edzi itayaka moto, ndipo ndalama ndi akatswiri, kuphatikizapo ena amene anapeza HTLV-1, zinathamangira kumeneko.

Mkamwini wosachoka

Tizilombo tiwiriti timakonda maselo amodzi, aja a chitetezo cha m'thupi amene timawadziwa kuti CD4. Timasiyana khalidwe. HIV ikalowa mu selo imaswana mochuluka, n'kumwazikira m'magazi, selo lija n'kufa. N'chifukwa chake CD4 imatsika. HTLV-1 ili ngati mkamwini amene wafika pamudzi, wamanga nyumba, ndipo sakuganiza zochoka. Imalemba malangizo ake mkati mwa selo, kenako n'kumalilimbikitsa selolo kuti lizigawikana. Selo likagawika pawiri, onse awiriwo ali nako. Sikafunika kutuluka panja kawirikawiri.

Khalidwe limeneli ndi limene limafotokoza pafupifupi chilichonse chovuta pa nkhaniyi. Ma ARV amagwira ntchito potchinga kachilombo pamene kakufuna kulowa ndi kudzilemba mu selo latsopano. Kachilombo kamene kakuchulukana ndi selo lomwe, osatuluka, ma ARV sakapeza poyambira. Komanso kuti kapite kwa munthu wina, pamafunika kuti selo lamoyo la munthu woyamba likakhudzane ndi selo la wachiwiriyo. Mkaka wa m'mawere uli ndi maselo otere ambiri. Umuna ulinso nawo. Magazi othira munthu ali nawo ochuluka zedi. Koma moni wa pamanja, kudyera mbale imodzi, kukumbatirana, chimbudzi kapena udzudzu sizipatsira.

Mwa anthu 100 amene ali nako, pafupifupi 5 amadzadwala khansa ya m'magazi ija, imene madokotala amaitcha ATL. Imabwera patapita zaka 40, 50 kapena kuposa, ndipo imagwira makamaka amene anakatenga ali makanda. Ikakhala ya mtundu waukali, ambiri satha chaka. Ena ocheperapo, mwina 2 mwa 100 m'madera ambiri, amadwala matenda a mtsempha wa mu msana otchedwa HAM kapena TSP, ndipo amayi ndi amene amagwidwa kwambiri.

Matenda achiwiriwa amayamba mwakachetechete. Mayi amaona kuti patapata akumangovuka yekha akamayenda. Akupunthwa pa malo osalala. Kukwera chitunda pochokera kumjigo kwayamba kulemera, m'chiuno mukuwawa, mkodzo ukumubwerera pafupipafupi usiku, nthawi zina osaugwira. Pakatha zaka zingapo akuyenda ndi ndodo, miyendo ili gwa ngati mitengo, kenako ndodo ziwiri, kenako njinga ya olumala. Mutu uli bwinobwino, manja akugwira ntchito. Kwathu kuno munthu wotere, kuchipatala akamuuza kuti magazi ali bwino ndipo HIV alibe, tonse tikudziwa kumene abale amatembenukira ndi mawu amene amayamba kunenedwa: anaponda mankhwala, pali dzanja la munthu.

Palinso zina: kutupa kwa mkati mwa diso, zilonda za pakhungu zosapola mwa ana zimene madokotala a ku Jamaica anazilumikiza ndi kachilomboka mu 1990, ndi kuonongeka kwa mapapo. Kwa zaka zambiri mabuku ankangonena kuti anthu 90 mwa 100 sadwala chilichonse, ndipo chiganizo chimenechi ndi chimene chinagonetsa maboma tulo. Koma mu 2020 akatswiri ataphatikiza kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti anthu amene ali ndi HTLV-1 ali ndi mpata wokulirapo ndi 57 peresenti womwalira msanga poyerekeza ndi amene alibe, ndipo khansa ndi kufa miyendo pazokha sizikwanira kufotokoza kusiyanako.

Nanga alipo angati? Chiwerengero chimene chimatchulidwa ponseponse ndi cha anthu pakati pa 5 ndi 10 miliyoni. Chinachokera kwa Gessain ndi Olivier Cassar mu 2012, ndipo eni akewo ananena poyera kuti anawerengera madera okhala anthu pafupifupi 1.5 biliyoni okha, kumene kunali kafukufuku wodalirika. Mbali yaikulu ya India, China, kumpoto ndi kum'mawa kwa Africa sinalowe m'masamu amenewo. Kamapezeka mothithikana m'malo ena: kum'mwera kwa Japan, zilumba za Caribbean, Brazil ndi Peru, dera la Mashhad ku Iran, Romania, pakati pa Australia, ndi maiko a pakati ndi kumadzulo kwa Africa monga Gabon ndi DRC. Mudzi uwu kangakhale kochuluka, mudzi wa kutsidya kwa phiri kulibe. Umenewu ndi mkhalidwe wa kachilombo koyenda m'mabanja.

Khomo la magazi

Poti kuchiza sikutheka, ndondomeko zonse za boma zimagona pa kutseka makomo atatu. Losavuta ndi la magazi. Munthu akathiridwa magazi a munthu amene ali ndi HTLV-1, mpata wotenga umatha kufika pa 60 mwa 100, ndipo ena otenga mwa njira imeneyi miyendo imafa pasanathe zaka zambiri. Wolandira impso ya munthu wotere ndiye mpata wake ndi waukulu koposa. Japan inayamba kuyeza magazi onse operekedwa mu 1986, America mu 1988, France mu 1991, Brazil ndi Australia mu 1993, Britain mu 2002.

Apa vuto ndi masamu a ndalama. Chipangizo choyezera koyamba chimakola ndi ena amene alibe kachilomboka, choncho aliyense amene chamusonyeza amafunika kuyezedwanso ndi njira yachiwiri, yodula kwambiri. Kumene kachilomboka n'kosowa, umayeza matumba masauzande ambiri kuti upeze limodzi. Maiko olemera amasefanso magazi kuchotsa maselo oyera, ndipo zimenezi pazokha zimachepetsa kwambiri ngoziyo. Ku South Africa, bungwe loona za magazi linayeza anthu opereka magazi, n'kupeza kachilomboka mwa ochepa, ndipo litawerengera mtengo silinayambe kuyeza thumba lililonse. Bungwe la WHO limalamula matenda anayi pa thumba lililonse la magazi, HIV, chindoko, ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, koma za HTLV-1 limasiyira dziko lililonse kuti lione kuchuluka kwake kwawo. Pamenepa ndi pamene galu amaluma mchira wake. Dziko limauzidwa kuti liyeze ngati kachilomboka n'kochuluka, koma silingadziwe kuchuluka kwake lisanayeze.

Zimene Nagasaki inachita

Khomo lachiwiri, la mkaka wa m'mawere, ndi limene lili ndi phindu lalikulu komanso misozi yambiri. Poti khansa ija imagwira amene anatenga kachilomboka ali kubere, kutseka khomo limeneli ndi kupewa khansa ya zaka 50 zikubwerazo.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, gulu la akatswiri a pa yunivesite ya Nagasaki, mmene munali Shigeo Hino, linaona kuti ana amene ali ndi kachilomboka pafupifupi onse amayi awo ali nako. Anapeza maselo okhala ndi kachilomboka mu mkaka, ndipo atamwetsa maselo a mu mkaka wotere kwa kanyani kakang'ono ka mtundu wa marmoset, nako kanatenga. Mu 1987 chigawo cha Nagasaki chinayambitsa ndondomeko: mayi aliyense woyembekezera aziyezedwa ngati wavomera, ndipo wopezeka nako alangizidwe kuti asayamwitse. Zotsatira zake ndi zimene dziko lonse limatchula mpaka lero. Mwa ana oyamwa nthawi yaitali, 20.3 peresenti ankatenga. Mwa ana a mkaka wa m'chitini, 2.5 peresenti. Oyamwa miyezi yosakwana 6 anali pakatikati, pafupifupi 7 mwa 100. Kachiwerengero kotsalako, 2.5, kakusonyeza kuti palinso njira ina yaing'ono, mwina m'mimba kapena pobadwa.

Munthu angaganize kuti boma lalikulu ku Tokyo linalandira zimenezi ndi manja awiri. Ayi ndithu. Mu 1990 lipoti la akatswiri a unduna wa zaumoyo linati awa ndi matenda a kudera, kuti chiwerengero chizitsika chokha, ndi kuti kuuza amayi za kachilombo kosachizika kungawavulaze mumtima kuposa phindu lake. Nkhaniyo inasiyidwa m'manja mwa zigawo. Panapita zaka pafupifupi 20. Atawerengeranso cha m'ma 2007 anapeza kuti anthu amene ali nako atsika pang'ono chabe, kuchoka pa 1.2 miliyoni kufika pa 1.08 miliyoni, ndipo ambiri anali atasamukira ku Tokyo ndi Osaka kukagwira ntchito. Ana a ku Kyushu anapita kutauni ndi zimene anayamwa. Kumeneko ankaberekera m'zipatala zimene sizinkayeza.

Odwala amene anali pa njinga za olumala ndi amene anakankha boma, makamaka a ku Kagoshima, amene anadzipanga gulu n'kumapita ku likulu mobwerezabwereza. Kenako mu 2009 Shiro Asano, yemwe anakhalapo bwanamkubwa wa chigawo cha Miyagi, kumpoto kutali ndi Kyushu, analengeza poyera kuti ali ndi ATL. Zimamvetsa chisoni koma ndi mmene zimakhalira: matenda akagwira munthu wodziwika, makutu a boma amatseguka. Mu 2010 nduna yaikulu Naoto Kan inakhazikitsa gulu lapadera, ndipo kuyambira nthawi imeneyo kuyeza HTLV-1 kunalowa pa mndandanda wa zoyeza mayi woyembekezera aliyense m'dziko lonselo, boma likulipira.

Kuyezako sikunali mapeto. Taganizani za chipinda chimene mayi wa mimba ya miyezi 7 wauzidwa zotsatira. Sakudwala chilichonse. Dzina la kachilomboka sanalimvepo. Akuuzidwa kuti kalipo, sikachoka, mwina kadzamudwalitsa mwina ayi, ndipo asayamwitse mwana amene wakhala akumudikira. Funso loyamba limene limabwera ndi lakuti ndakatenga kuti. Mayankho alipo awiri okha amene ali pafupi, kwa mayi ake omubereka kapena kwa mwamuna wake, ndipo lililonse likabwera kunyumba limagwedeza banja. Akayezetsa mayi ake n'kupezeka nako, gogoyo amadziimba mlandu pa bere limene anapereka ndi chikondi zaka 30 zapitazo. Ndiye pali apongozi amene akufunsa chifukwa chimene mwana ali pa botolo. Ku Japan anaphunzira mochedwa kuti ndodo yoyezera popanda namwino wodziwa kulankhula ndi mayiyu kwa miyezi ingapo imangosiya bala.

Malangizo awo asinthanso kangapo. Mu 2017 anati njira yoyamba ikhale mkaka wa m'chitini basi. Mu 2022 anavomereza kuti mayi wofunitsitsa angayamwitse masiku osapitirira 90, chifukwa kafukufuku anasonyeza kuti m'masiku oyambirirawo ngozi siisiyana kwenikweni ndi ya m'chitini, mwina poti chitetezo chimene mwana wabadwa nacho kuchokera kwa mayi chimakhala chisanathe. Koma anaikapo chenjezo lochokera ku zimene anaona: ena mwa amayi amene analonjeza kusiya pa masiku 90 analephera. Aliyense amene analetsapo mwana kuyamwa akudziwa chifukwa chake. Ena amafinya mkaka, kuuumitsa mu firiji, n'kuusungunula asanamwetse mwana, chifukwa kuzizira kumapha maselo. Njira imeneyi imafuna magetsi osathima, ndiye tisataye nayo nthawi.

Chifukwa chake sitingangokopera

Apa ndi pamene nkhaniyi imatifika pakhomo. Uphungu wakuti usayamwitse ndi wotetezeka ku Nagasaki chifukwa pampopi pamatuluka madzi oyera tsiku lililonse ndipo chitini cha mkaka sichitha malipiro a mwezi. Kumwera kwa Africa tinayesapo kale njira imeneyi pa HIV, ndipo tinapsa nayo. Botswana inkagawa mkaka wa m'chitini kwaulere kwa amayi amene ali ndi HIV. Kuchiyambi kwa 2006 kunagwa mvula yambiri, madzi n'kuipitsidwa, ndipo matenda otsekula m'mimba anapha ana oposa 500 m'miyezi yochepa. Ofufuza atapita anapeza kuti ana osayamwa ndi amene anagwidwa kwambiri. Chimene chinatipulumutsa pa HIV ndi ma ARV. Malawi ndi amene anayamba mu 2011 kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, ndondomeko ya Option B+, kuti mayi azimwa mankhwala uku akuyamwitsa mwakathithi. Maiko ena anatsatira.

Pa HTLV-1 mlatho umenewo kulibe. Mayi wa kumudzi amene wapezeka nako ali pakati pa ngozi ziwiri. Akayamwitsa mpaka zaka ziwiri monga timachitira, mwana mmodzi mwa 5 atenga, ndipo mwa otengawo osachepera mmodzi mwa 20 adzadwala khansa atakula. Akapanda kuyamwitsa, mwana angamwalire ndi kutsekula m'mimba kapena kunyentchera chaka chisanathe. Tikawerenga mosakondera, kwa mayi wotunga madzi pachitsime chosatetezedwa bere likupambana, ndipo sindikuona dokotala wanzeru amene angamuuze zosiyana. Ndiponso mayi wosayamwitsa pamudzi safunsidwa mafunso, anthu amangomaliza okha kuti ali ndi kajaka. Lipoti la WHO la 2021 nalonso silinalamule njira imodzi. Linati dziko lililonse liyeze ngozi ziwirizi malinga ndi mmene zinthu zilili kwawo.

Koma ndikukana kuti zimenezi zikhale chifukwa chosafunira kudziwa. Si mayi aliyense amene ali pachitsime. Mphunzitsi wa ku Area 25 kapena namwino wa ku Chipata amene ali ndi mpopi ndi malipiro angasankhe mosiyana atadziwa. Pakati pa zaka ziwiri ndi kusayamwitsa konse palinso miyezi 6, imene ku Nagasaki inadula ngozi kuposa theka. Mpata wopatsira umakulanso ngati mayi ali ndi maselo ambiri okhala ndi kachilomboka, kutanthauza kuti uphungu ungasiyane mayi ndi mayi. Zonsezi zimayamba ndi kuyeza.

Brazil ndi dziko loyenera kuliyang'ana kuposa Japan, chifukwa lili ndi osauka ambiri ndipo mwina ndi limene lili ndi anthu ochuluka kwambiri amene ali ndi HTLV-1, osachepera 800,000. Ku Salvador, mzinda wa chigawo cha Bahia umene anthu ake ambiri makolo awo anachokera ku Africa pa nthawi ya ukapolo, kafukufuku wa 2003 anapeza kachilomboka mwa anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse. Kwa zaka 30 Brazil inkayeza magazi operekedwa koma osayeza amayi oyembekezera m'dziko lonse, kupatula zigawo zingapo zimene zinayamba zokha. Mu 2024 boma linachita zinthu ziwiri: linalamula kuti aliyense wopezeka ndi HTLV azilembedwa ku unduna, ndipo linavomereza kuti kuyeza amayi oyembekezera kulowe m'zipatala za boma. Mayi wopezeka nako amapatsidwa mankhwala oumitsa mkaka ndi mkaka wa m'chitini waulere, potsata njira imene anaikonza kale pa HIV. Adziikira chaka cha 2030 kuti kupatsira mwana kukhale kutathetsedwa ngati vuto la dziko. Britain yasankha zosiyana. Komiti yake yoona za kuyeza anthu yakhala ikukana kuyeza amayi onse oyembekezera, ponena kuti kachilomboka n'kosowa kumeneko ndipo ambiri angada nkhawa pachabe. Otsutsa amayankha kuti n'kosowa mwa azungu, koma osati mwa amayi ochokera ku Caribbean ndi ku Africa, ndipo kuti dziko limene limateteza wolandira magazi n'kusiya khanda lili ndi mafunso oti liyankhe. M'bale wathu wokhala kumeneko angathe kumva za kachilomboka koyamba kudzera m'kalata yobwera atapereka magazi. Chipatala chachikulu choona anthu otere chili ku St Mary's mu London.

Khomo lachitatu, la kugonana, ndi limene lanyalanyazidwa kwambiri, ngakhale kuti akuluakulu ambiri amatengera kumeneko. Kamadutsa mosavuta kuchokera kwa mwamuna kupita kwa mkazi, makamaka m'banja la zaka zambiri, n'chifukwa chake chiwerengero cha amayi chimakwera ndi msinkhu. Ku Japan komweko, kumene makomo awiri aja anatsekedwa, kafukufuku wa 2016 anayerekeza kuti anthu oposa 4,000 amatengabe chaka chilichonse ali akuluakulu. Kondomu imateteza. Koma zipatala zochepa kwambiri padziko zimayeza HTLV-1 munthu akabwera ndi matenda opatsirana pogonana.

Pakati pa Australia, m'midzi ina ya eni nthaka a chi Aborigine yozungulira Alice Springs, akuluakulu oposa 40 mwa 100 ali nako, chiwerengero chokwera kuposa kwina kulikonse, pamene ana amene ali nako ndi ochepa. Dokotala Lloyd Einsiedel anakhala zaka zambiri akulemba za anthu omwalira ndi mapapo oonongeka ali a zaka za m'ma 40. Dziko lolemera chotero linkayeza magazi kuyambira 1993, koma anthu a m'midzi imeneyi sankauzidwa n'komwe kuti kachilomboka kalipo. Nkhaniyi itatuluka m'manyuzipepala mu 2018, boma linapereka madola 8 miliyoni a ku Australia. Mabungwe a zaumoyo a eni nthakawo anaumirira kuti ntchitoyo aitsogolere okha, poopa kuti anthu amene akhala akunyozedwa kale angapatsidwenso dzina lina lowanyozera.

Chaka chomwecho, mu May, Fabiola Martin, Yutaka Tagaya ndi Robert Gallo yemwe uja analembera WHO kalata yapoyera imene inatuluka mu magazini ya The Lancet, yosainidwa ndi akatswiri ndi odwala 60 a m'maiko 26. Anati njira zimene zinagwira pa HIV zilipo kale, zingoyambidwa. WHO inaitanitsa msonkhano ku Tokyo mu November 2019, n'kutulutsa lipoti lake loyamba la HTLV-1 mu March 2021, patatha zaka 41 chitulukireni kachilomboka. Tsiku la 10 November linasankhidwa kukhala lokumbukira HTLV padziko lonse.

Za kuno kwathu

Zimene zalembedwa za dera lathu zikhoza kukwana m'thumba la malaya, koma zilipo. Ku Durban, madokotala a mitsempha analemba za odwala HAM a ku KwaZulu-Natal kuyambira cha m'ma 1990. Ku Maputo, kafukufuku wa 2009 anapeza kachilomboka mwa opereka magazi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Ofufuza a ku Mozambique anaonanso chinthu chimene chimatikhudza kwambiri: munthu amene ali ndi HIV ndi HTLV-1 pamodzi amatha kukhala ndi CD4 yokwera pamene thupi likufooka, chifukwa mkamwini uja akuchulukitsa maselo osagwira ntchito. M'masiku amene ma ARV ankayambidwa potengera CD4, munthu wotere ankabwezedwa kunyumba kuti akadali bwino. Ku Blantyre, kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anayeza magazi a amayi ndi ana mazana angapo a pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo anapeza ena mwa iwo ali ndi HTLV-1 kapena m'bale wake HTLV-2.

Ndiye kalipo. Mukatsegula buku la kuchipatala la mayi wa sikelo mupeza malo olembapo za HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi, koma mzere wa HTLV-1 mulibe. Ine sindinganene kuti mzerewo uwonjezedwe mawa, chifukwa ndalama ya zaumoyo ili ngati bulangete lalifupi, ukafunda kumutu mapazi ali pamtunda, ndipo malungo, TB ndi khansa ya khomo la chiberekero zikupha anthu amene tikuwawerenga kale. Chimene chingatheke n'chotsika mtengo kuposa pamenepo. Kafukufuku wa HIV ngati MPHIA, amene anayenda khomo ndi khomo mu 2015 mpaka 2016 komanso mu 2020 mpaka 2021, amatenga magazi a anthu masauzande a m'zigawo zonse. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limalandira matumba tsiku ndi tsiku. Kuyeza gawo la magazi otere kamodzi kokha kungationetse ngati tili pafupi ndi Gabon kapena ndi South Africa, ndi maboma ati amene kali kothithikana. Madokotala a m'zipatala zazikulu atakhala ndi poyezera, mayi wa miyendo youma uja angauzidwe dzina la matenda ake, n'kupatsidwa mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuuma, thandizo la mafizo, ndi uphungu woyezetsa mwamuna wake ndi ana ake aakazi asanabereke.

Mu 2025 akatswiri a ku Melbourne analengeza kuti mankhwala awiri a HIV, tenofovir ndi dolutegravir, anatchinga HTLV-1 kuti isakhazikike mwa mbewa za mu labotale zimene anaziika maselo a munthu. Sanachotse kachilombo kokhazikika kale, koma anakagwira pa nthawi yokhayo imene kamafunika kulowa mu selo latsopano, pamene kakudutsa kupita m'thupi lina. Ngati zingadzagwire mwa anthu, ndiye kuti mayi angayamwitse uku iye kapena mwana akumwa mankhwala, monga tikuchitira ndi HIV. Mbewa si mayi woyamwitsa, ndipo pakati pa ziwirizi pali zaka za kafukufuku. Koma mankhwala awiriwo si achilendo kwa ife. Ali m'botolo la ma ARV otchedwa TLD limene zipatala za m'Malawi zakhala zikugawa kuyambira 2019.